Mlenje Wosachita Khungu

A Clifford Mulipa anayendetsa minibasi pakati pa Area 25 ndi m'tauni kuyambira ndevu zisanagwirane bwino mpaka imvi zitayamba kusuzumira m'mbali mwa chipewa. Makolo awo anachokera ku Chiradzulu kudzafuna ntchito m'mafakitale a fodya ku Kanengo, ndipo iwo anabadwira konkuno, nakulira m'fumbi la ku Nsungwi. Pa siteji sankatchuka ndi liwiro, ngakhale liwirolo linalipo ndithu. Ankatchuka ndi pakamwa. Ankakangana ndi kondakitala wawo yemwe, ndi anyamata oitanira, ndi mayi wokwera ndi nkhuku, ndi bambo wofuna kutsikira pakati pa msewu. Akasowa wokangana naye ankakangana ndi wailesi. Sikuti anali munthu wa ndewu, ayi. Dzanja lawo silinakhudzepo munthu. Kungoti kwa iwo kucheza kopanda kutsutsana kunali ndiwo zopanda mchere. Mkazi wawo, a Vaileti, amene amagulitsa zitenje pamsika wa Nsungwi, ankati tsiku limene bamboyo wabwera kunyumba osakangana ndi munthu, ndiye kuti malungo ali pafupi.

Matenda a shuga anawalowa mwakachetechete, ndipo iwo anawanyozera monga amachitira madalaivala ambiri, amene chakudya chawo ndi chipisi cha pachiwaya ndi zakumwa zotsekemera. Maso anayamba kuchita chifunga. M'mawa wina anaona wakabaza mochedwa, nadutsa pafupi kwambiri moti anamva munthuyo akuitana dzina la Yesu. Sanamugunde. Koma madzulo ake anakapereka makiyi kwa mwini galimoto, osadikira kuti wina awauze. Kuchipatala anayesa zimene akanatha, koma diso lamanja linatseka, lamanzere linatsatira, ndipo a Mulipa anakhazikika pa mpando wa pafupi ndi zenera.

Mdimawo anauzolowera pang'onopang'ono. Anaphunzira kuyenda ndi khoma, kudziwa nthawi ndi phokoso la ana a sukulu, kuzindikira minibasi za anzawo ndi kulira kwa injini zikamadutsa kumsewu. Chimene sanathe kuchizolowera ndi chifundo. Anthu a ku Area 25 ndi abwino mtima, palibe angakane, koma ubwino wawowo unawatsekera a Mulipa pakamwa. M'nyumbamo mawu akuti khungu anafa okha, popanda wowaletsa. Aliyense ankati "vuto la maso lija," kapena "mmene zililimu." Alendo a kutchalitchi ankafika, kukhala pafupi nawo, n'kufunsa a Vaileti kuti kodi abambowa agona bwanji. Kondakitala wawo wakale, amene ankatukwanizana naye kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anabwera kudzawaona ndi mawu ofewa a pamaliro, ndipo a Mulipa anachita kumufunsa kawiri kuti ndi ndani.

Chopweteka koposa chinali chakuti panalibenso wowatsutsa. Tsiku lina anayesa dala: anauza mkulu wa mpingo kuti Dedza ili kumpoto kwa Kasungu. Mkuluyo, munthu wobadwira ku Dedza komweko, anayankha kuti, "Zoona, abambo, zoona." A Mulipa anatembenukira kukhoma. Anazindikira kuti anthu awaika kale m'gulu la ana ndi odwala, amene mawu awo umangovomera kuti asalire. Ngakhale a Vaileti, mayi amene kale ankabweza mawu awiri pa amodzi, anasanduka wa inde pa chilichonse. Ankawakonda amuna awo, ndipo chikondicho ndi chimene chinawamanga lilime. Linda, mwana wawo yekhayo amene ali pabanja ku Mzuzu, akaimba foni ankangolangiza amayi ake kuti asamawakwiyitse adadi.

Zinthu zinayamba kugwedezeka atabwera Mwawi, mwana wa mlongo wawo, amene bambo ake ndi a ku Rumphi. Mtsikanayu anapeza ntchito pa shopu ina yotayipa ndi kujambula mapepala, ndipo anadzakhala kwa amalume ake. Ku koleji anatolako masewera ena achilendo, ndipo anapempha kuti Lamulungu masana, anthu akaweruka kutchalitchi, azisewera ndi anzake pakhonde. Anzakewo anali awiri: Kettie, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, ndi Shepherd, wometa tsitsi pafupi ndi msika, mnyamata wa mawu aakulu ndi mtima wapachala.

Masewerawo ndi otere. Mmodzi amakhala woyendetsa nkhani: amafotokoza dziko, nkhalango, adani ndi zonse zimene zikuchitika. Enawo aliyense amakhala ndi munthu wake wa m'nkhanimo, ndipo amanena zimene munthuyo akufuna kuchita. Chinthu chikakhala chovuta amaponya dayisi ya mbali makumi awiri. Nambala ikakhala yaikulu ndiye kuti zatheka, ikakhala yaing'ono ndiye kuti zakanika. Pali buku la malamulo, lachingerezi, lonenepa, limene Mwawi anali nalo m'mapepala ndipo Shepherd anali nalo pa foni. A Vaileti ataona dayisi anati njuga pakhomo pawo ayi. Lamulungu loyamba anaima pakhomo, manja m'chiuno, kudikira kuti wina apise m'thumba. Palibe anapisa. Anangomva anthu akuluakulu atatu akukambirana mozama za mmene angawolokere mtsinje umene kulibe, ndipo anapita kukachapa akupukusa mutu.

A Mulipa ankamva zonse pazenera. Lamulungu lina anthu a m'nkhanimo anali ndi ngolo yodzaza katundu imene inatitimira m'matope, ndipo Shepherd ankalimbikira zokwapula ng'ombe. Bamboyo anapirira, kupirira, kenako mawu anangotuluka okha: anati munthu wanzeru amayamba watsitsa katundu, n'kuika nthambi kunsi kwa matayala. Kenako Mwawi anawafunsa ngati angakonde kutuluka kuti adzatsitse okha katunduyo.

Umo ndi mmene anabadwira Mkwapula, mlenje wamtali wa uta ndi nkhwangwa, munthu wa a Mulipa. Kettie ankawaikira dayisi m'dzanja ndi kuwawerengera nambala. Masewerawa anawakonda kuchokera pansi pa mtima, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: patebulopo panalibe amene ankaona kanthu. Phiri, mlatho, chilombo cha mitu iwiri, zonse zinali m'kamwa mwa Mwawi, ndipo wa maso ndi wopanda maso ankazilandira mofanana. Mkati mwa sabata ankakhala pa mpando wawo uja akukonza mapulani, mpaka kuyankhula okha, moti a Vaileti anafunsapo kuti kodi Mkwapulayu ndi wa ku siteji kapena wa kumudzi. Loweruka ankapempha kuti awasitire malaya, ngati munthu amene mawa ali ndi ulendo.

Koma chifundo chija chinawatsatira mpaka m'nkhalango ya m'nkhani. Mkwapula akayamba kunenerera mtengo ndi mwini bwato, mwini bwatoyo, amene ankayankhula ndi pakamwa pa Mwawi, ankagonja mkangano usanatenthe. Zimenezo a Mulipa anazilekerera. Zazikulu zinabwera ndi nkhani ya maso. M'buku la malamulo muli zilombo ndi amatsenga amene amachititsa munthu khungu kwa kanthawi: wina amawaza phulusa, wina amatulutsa kuwala koopsa. Tsiku loyamba limene zoterezi zinagwera Mkwapula, Mwawi anachita chibwibwi, natsokomola, n'kunena kuti phulusalo lapita ndi mphepo. Sabata yotsatira m'nkhani muja munatulukira wamalonda wina amene anapatsa Mkwapula chibangili chamkuwa, ulere, popanda chifukwa chomveka. Mphamvu ya chibangilicho inali yakuti wochivala sangachititsidwe khungu.

Poyamba a Mulipa anasangalala nacho. Ndani amakana mphatso? Phulusa likawazidwa, anthu a Kettie ndi Shepherd ankapapasapapasa, pamene Mkwapula ankaima chilili n'kulasa mdani. Koma makutu a munthu amene wakalambira pa siteji amadziwa kusiyanitsa chisangalalo chenicheni ndi cha ulemu. Nthawi zoterozo mawu a Mwawi ankathamanga, enawo ankatsitsa awo, ndipo Mkwapula akapha chilombo, kuwomba m'manja kwake kunali kuja Kettie amawombera ana ake a kusukulu akatha kumanga okha nsapato. A Mulipa anazindikira kuti chibangili chija sichinabwere kudzateteza maso a mlenje. Chinabwera kudzateteza pakamwa pa Mwawi, kuti asadzatchule mawu aja kwa amalume ake. Zinawawawa, koma anasowa poyambira, chifukwa n'kovuta kukalipira mwana amene akukuchitira ulemu.

Nkhani inafika pampondachimera Lamulungu lina la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, malata akulira ndi kutentha. A Vaileti anali kuseri kwa nyumba, pamthunzi, akupinda zitenje za pamsika. M'nkhanimo, Mkwapula ndi anzake anali atalowa m'phanga kutsata achifwamba amene anaba ng'ombe. Achifwambawo anasonkha moto wa masamba aawisi, utsi unadzaza tho, miuni inazima. Mwawi ananena mofulumira kuti Kettie ndi Shepherd sakuona kanthu, koma amalume akuona bwinobwino chifukwa cha chibangili.

Shepherd anang'ung'udza chinachake kukhosi. A Mulipa anamufunsa kuti wati chiyani, iye anati palibe, madala, tiyeni tipitirize. Anamufunsanso, ulendo uno ndi mawu aja a pa siteji amene anali atagona nthawi yaitali, ndipo mnyamatayo anagonja.

Bukulo Shepherd ankaliwerenga akamadikira makasitomala, ndipo ankalidziwa kuposa Baibulo, zimene amayi ake akanamva sakanakondwa nazo. Anafotokoza kuti monga iye akumvera, chibangili chimateteza maso kuti asawonongeke: phulusa, mankhwala, kuwala, zonsezo sizingamukhudze Mkwapula. Koma utsi wa m'phangamu vuto lake si kuwononga maso. Wangoima pakati pa diso ndi chinthu, ndipo diso lingakhale labwino chotani silingaone kuseri kwa chimene chaima patsogolo pake. Mwawi anatsegula mapepala ake, ndipo nayenso sankalota. Anawerenga pamene bukulo likuti munthu amene ali mu utsi wochindikala kapena mumdima wandiweyani aziwerengedwa m'gulu la amene sakuona. Tsono ngati chibangili chimaletsa Mkwapula kuikidwa m'gulu limenelo, ndiye kuti utsiwo sukumukhudza. Kettie anavomereza msangamsanga. Shepherd anafunsa ngati izi zikutanthauza kuti ukamuveka Mkwapula thumba kumutu aziona ndithu. Nanga khoma, nalonso aziona kuseri kwake? Mwawi anati thumba ndi nkhani ina, ndipo bukulo limanenanso kuti pakakhala kusamvana mawu omaliza ndi a woyendetsa nkhani.

Onse awiri anali ndi pogwira, ndipo a Mulipa ankamvetsera mkanganowo ndi njala, monga umamvera fungo la nyama yowotcha kwa aneba. Koma sunapite patali. Shepherd anapumira m'mwamba, mpando wake unalira pamene ankatsamira kumbuyo.

"Chabwino," anatero. "Kwa ankolo zikhale choncho."

Mawu akuti kwa ankolo amenewo ndi amene anawafika pamtima. Ndiye kuti lamulo lenileni lilipo, la anthu, ndipo palinso lina lofewa, la iwo okha.

A Mulipa anati ayankhuleko. Anawakumbutsa za m'mawa wa mu Juni, pamene chifunga chimagona pa msewu wa ku Kanengo. Masiku amenewo maso awo anali akuthwa, owerenga nambala ya galimoto ili kutali, koma m'chifungamo ankayenda mwa kamba, mutu uli kunja kwa zenera, chifukwa maso abwino sachotsa chifunga. Shepherd akunena zoona, anatero, ndipo Mkwapula ali mu utsi limodzi ndi anzake.

Mwawi anayesa kuzemba. Anati chabwino, ndiye kuti kwa onse zinthu zavutako pang'ono.

"Ayi, Mwawi. Unene bwinobwino chimene chamuchitikira munthu wanga. Mawu ake alipo, ndipo uli nawo papepalapo."

Nkhuku ya aneba inkapalasa kuseri kwa mpanda. Kenako mtsikanayo, ndi mawu aang'ono, anati, "Amalume, Mkwapula ndi wakhungu mpaka atatuluka mu utsi."

Mawuwo anawalasa ndithu, tisanamizane. Anali asanawamvepo pakhomo pawo kuyambira pamene anadwala. Koma denga silinagwe. Anapeza kuti akadali pa mpando womwewo, dayisi ili m'dzanja, ndipo tsopano anali m'vuto limodzi ndi anzake.

Kettie, pofuna kukonza zinthu, anati tsono zili bwino, chifukwa ankolo ndi amene angawatsogolere. Mdima amaudziwa kuposa aliyense. A Mulipa anaseka. Anati anthu amaganiza kuti maso akapita Mulungu amakubwezera makutu a galu, koma iwo mpaka lero amagundabe chidebe chimodzimodzi cha pakhomo la bafa. Anakana choncho ndi pakamwa, koma mumtima mawu a Kettie anawakomera, ndipo apa ndi pamene panalowera tsoka.

Shepherd anapereka nzeru yakuti onse amangirirane chingwe m'chiuno, akwawe motsata khoma, akupapasa pansi ndi ndodo. Munthu wake anali wosula zitsulo, dzina lake Phwanyani, amene anamulera kuchokera pa mmphawi wopanda nsapato mpaka kukhala ngwazi, ndipo anali atamujambula ndi penti pakhoma la shopu yake yometera. Sankafuna kumutaya mwachibwana. A Mulipa anavomera za chingwe koma anakana zokwawa. Anati achifwamba akutsokomola kutsogoloku, ndipo mlenje sakwawa nyama ili pafupi. Mkwapula athamanga, enawo atsatire chingwe. Shepherd anachonderera kuti madala, tiyeni tiyambe taganiza. Iwo anali ataponya kale dayisi.

Inagubuduka patebulo, inagunda mbale ya mtedza, inaima. Kettie, amene nthawi zonse ankafulumira kuwerenga, ulendo uno anasiyira Shepherd.

"Wani," anatero Shepherd.

Pa masewerawa palibe nambala yoipa kuposa imeneyo. A Mulipa anamva Mwawi akutembenuza pepala, ndipo anadziwa kuti mtsikanayo akufunafuna kakhomo kowatulutsirapo. Anangoti, "Tikudikira, mayi woyendetsa." Mwawi ananena zimene zinali pa mapu ake kuyambira pachiyambi: pakati pa phangalo panali dzenje lakuya la mgodi wakale. Mkwapula anaponda m'malere. Chingwe chinakoka Phwanyani, amene anayesa kugwira mwala, dayisi n'kumukana. Munthu wa Kettie anapulumuka chifukwa anadula chingwe ndi mpeni. Awiri enawo anakafika pansi, ndipo sanadzukenso.

Apa Shepherd anaiwala zonse. Anaiwala imvi, anaiwala vuto la maso lija, anaiwala kuti ali pakhomo pa eni. Anamenya tebulo mpaka mtedza unabalalika.

"Ndinanena ine kuti tikwawe. Ndinanena kapena sindinanene? Vuto lanu madala simumva za munthu. Mumayesa iyi ndi minibasi yoti muzingoponda moto anthu akukuwa kumbuyo? Mwandiphera munthu wanga chifukwa cha matama basi."

Kettie anati Shepherd, Shepherd, chonde. Koma a Mulipa anali atawongoka kale pa mpando, magazi akuyenda thupi lonse. Anamuuza kuti wosula zitsulo amene sangathe kugwira mwala ndi wosula wanji, ndipo ngati ankafuna kukwawa akanatsala kunyumba ndi makanda. Shepherd anabweza kuti mlenje weniweni amayamba wayesa pansi ndi phazi limodzi. Iwo anati munthu wometa mitu ya anthu asaphunzitse dalaivala za njira. Iye anati dalaivala wotere ndi amene amakatsitsa anthu m'ngalande. Anapitirira choncho, uyu chake uyu chake, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anazimitsa wailesi kuti amve bwino. Pamapeto pake Shepherd anatola foni yake n'kutuluka osatsanzika, geti la malata likulira m'mbuyo mwake.

Kettie anatsanzika monong'ona. Mwawi anatolera mapepala ndi dayisi, ndipo kapumidwe kake kankamveka kuti misozi ili pafupi. Anayamba kupepesa, koma amalume ake anamudula. Anamuuza kuti lero wayendetsa nkhani ngati munthu wamkulu, ndipo akonzeke, chifukwa Lamulungu likubwerali akufuna munthu watsopano, wa manja opanda chovala chilichonse. Mtsikanayo analowa m'nyumba.

A Mulipa anatsala okha pakhonde, thukuta likutsika m'khosi. Mlenje wawo anali atafa, mnzawo atachoka wokwiya, ndipo iwo anali osangalala kuposa tsiku lina lililonse kuyambira pamene maso anatseka.

A Vaileti anabwera kuchokera kuseri, nakhala pa mpando umene Shepherd anasiya. Anali atamva zonse. Anati mawa m'mawa, asanayale zitenje, adzera ku shopu ya mnyamata uja kukamuuza kuti mwano wakewo azikachitira kwawo, ndipo pakhomo pano asadzapondenso.

"Musiyeni," anatero a Mulipa. "Mukadzerako mukamuuze abwere msanga Lamulungu. Sindinathane naye."

A Mulipa anamva a Vaileti akutola mtedza umodziumodzi patebulo, kuubwezera m'mbale, mpaka unatha. Kenako anawamva akupuma mozama.

"Komatu bambo a Linda," anatero, "pa za dzenje paja mwanayo sananame. Munapupuluma. Ndipo inu kupupuluma simunayambe lero."

A Mulipa anakoka mpando wawo, nautembenuzira kumene kunkachokera mawuwo, n'kukonza kukhosi kuti ayankhe.